Ndinamata kabowo ka pulinta kuti andisunge pa ntchito

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 53 ndipo ndagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya maloya kwa zaka 21. Nkhani yanga ndi ya pulinta, koma musafulumire kuiponya m'dengu poganiza kuti ndasokera tsamba. Ndikanatha kufunsa okonza makompyuta, koma anthu amenewo ndi amene ndikuwaopa.

Pamene ndinkayamba ntchito tinalipo otayipa atatu. Maloya ankalemba pamanja, zilembo zake ngati papalasa nkhuku, ife n'kumamasulira. Kenako aliyense anamugulira kompyuta pa desiki pake ndipo anayamba kudzitayipira ndi zala ziwiri. Chaka chisanathe, mnzathu mmodzi anauzidwa kuti akapume. Chaka chotsatira, winanso. Ndinatsala ine, ndipo sikuti ndinkaposa anzangawo nzeru ayi. Chinandipulumutsa n'chakuti pulinta yatsopano itafika inasowa pokhala, ndiye anaiika pa tebulo langa chifukwa ndi pokhapo pamene panali soketi yosagwedera.

Mmisiri amene anabwera kudzaiika anailumikiza ku kompyuta yanga ndi waya waufupi, n'kukonza zoti makompyuta ena asanu ndi awiri azitumiza zosindikiza zawo kudzera mu yanga. Izi zikutanthauza kuti yanga ikazima, ofesi yonse yazima. Akulongedza zida zake anandionetsa kabowo kena kumbuyo kwa pulintayo, ka makona anayi, n'kunena kuti, "Mayi, izi ndangokupangirani zoyembekezera chifukwa ndaiwala waya wautali. Kabowo aka ndi ka netiweki. Tikangolowetsamo waya wochokera ku kabokosi ka intaneti kali pakhomapo, aliyense azisindikiza yekha osadzeranso kwa inu. Muwauze abwana, ine ndibwera Lachinayi."

Aphungu, mawu akuti "osadzeranso kwa inu" ndinawamva bwinobwino. Abwana sindinawauze. Lachinayi lake mmisiri uja anaimba foni, ndinayankha ndine poti foninso ili pa tebulo langa, ndipo ndinamuuza kuti zonse zikuyenda, asadzivutitse. Kabowo kaja ndinakamata ndi sitika ya vesi imene anatigawira kutchalitchi. Papita zaka zisanu ndi zinayi. Palibe anayerekezapo kumatula vesi.

Kompyuta yangayo nayonso inakalamba ndipo ili ndi matenda ake. Magetsi akathima n'kubweranso, imaima pa sikirini yakuda kudikira kuti munthu adine batani lolembedwa F1, ndipo ikadzuka imaganiza kuti tili m'chaka chimene inapangidwa. Deti likalakwika chonchi, makompyuta enawo amakana kuyankhulana nayo. Mankhwala ake ndi kudina batani lija n'kukonza deti, ntchito ya mphindi imodzi. Ine ndimaigwira mphindi khumi ndi zisanu, nditatchinga sikirini ndi thupi, uku ndikuusa moyo. Nthawi zina ndimatsegula kachitseko ka pulinta n'kuuziramo mpweya, ngakhale kuti zimenezo sizikhudzana ndi chilichonse.

Mu ofesi muno amakhulupirira kuti makinawa amandidziwa. Tsiku lina ndinapita kumaliro a alamu anga, magetsi n'kuthima m'mawa. Anthu ophunzira anaizungulira pulinta mpaka masana. Abwana aakulu anaiwomba khofi. Loya wamng'ono anathamanga ndi fulashi kukasindikiza kwa anthu a mumsewu, n'kukafika kukhoti thukuta lili kamukamu, woweruza atakhala kale. Chibwerereni kumaliro kuja dzina langa ndi Mayi Pulinta, ndipo pa phwando lotseka chaka abwana anandipatsa setifiketi ya wantchito wodalirika. Ndinaisindikiza ndekha.

Kunena zoona sikuti ndimangokhala. Pepala lililonse likamatuluka ndimaliponya diso ndisanalipereke kwa mwiniwake. Loya wamng'onoyu ndi mtsikana wanzeru ndithu, koma amakonda kutenga kalata yakale n'kungosintha mayina, ndiye mwezi sutha ndisanapeze dzina la munthu wa mlandu wina litabisala pa tsamba lachitatu. Abwana aakulu vuto lawo ndi madeti. Ndimawabwezera mwakachetechete nditachonga ndi pensulo, iwo n'kukonza. Koma izi ndi zongochita poti pepalalo lili kale m'manja mwanga.

Tsopano vuto lafika. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, ndi woyembekezera koyamba. Amakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo mwamuna wake amayendetsa magalimoto a katundu moti amatha milungu ali panjira. Madokotala amuuza kuti mwana wakhala mopingasa, ndiye adzachira kudzera pa opaleshoni kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Anandiimbira ndili pa ntchito, akuti, "Amayi, mubwera eti? Ine ndikuopa." Mwana ameneyu chibadwire sanandiuzepo kuti akuopa kanthu. Ankagwira abuluzi ndi manja. Ndinamuyankha kuti, "Ndibwera iwe, usade nkhawa." Nditadula foni ndinatembenuka n'kuiyang'ana pulinta.

Ndinakapempha tchuthi cha milungu itatu. Abwana anavula magalasi.

"Mayi, milungu itatu? Mukufuna titseke ofesi? Tengani Lachisanu ndi Lolemba, mwina magetsi atichitira chifundo."

Ndinati opaleshoni si ya Lachisanu ndi Lolemba.

Iwo anati, "Ndikumvetsa, nanenso ndine kholo. Koma mukudziwa nokha kuti makinawa safuna munthu wina."

Aphungu, bodza langa lomwe anandibwezera ali ndi nkhope yachisoni, ine n'kuvomera kuti zoona bwana.

Loya wamng'ono anamva zonsezi chifukwa khoma la pakati pathu ndi la mapulanga, ndipo ubwino wa mtima wake ndi umene wandiika pa mpanipani. Anabwera n'kundigwira paphewa, akuti, "Amayi, musadandaule. Ndili ndi alamu anga odziwa za makompyuta, ndawapempha adzaione pa 28 kuti inu mupite mtima uli m'malo." Ndinathokoza. Koma ndikudziwa kuti munthu wodziwa makompyuta akafika, choyamba adzaitembenuza pulintayo.

Bambo a kunyumba ndi telala, ndipo ndinawaululira zonse ali pa makina awo. Anapitiriza kusoka mpaka anamaliza mpendero, anadula ulusi ndi mano, kenako anati, "Ndiye zaka zonsezi sitinayendeko kukaona aliyense chifukwa cha sitika?" Ndinati si sitika ayi, ndi ntchito. Iwo anati, "Chabwino. Ine za opaleshoni sindizidziwa. Koma ngati pulintayo ikungofuna woikhalira pafupi, ndikakhalapo ine, inu mupite kwa mwana." Sanaseke, ndiye mpaka pano sindikudziwa ngati ankanena nthabwala.

Loweruka lapitali ndinalimba mtima. Ndinapita ku ofesi m'mawa poti makiyi ndimasunga ndine. Ndinamatula vesi. Pansi pa desiki imene ankakhala mmodzi mwa anzanga ochotsedwa aja pali waya wa intaneti umene wakhala ukungodya fumbi, ndiye ndinaukoka n'kuulowetsa m'kabowo kaja. Unalowa ngati kwawo, ndipo timagetsi tiwiri tinayamba kuphethira, kobiriwira ndi kachikasu. Ndinapita pa kompyuta ya loya wamng'ono, amene pasiwedi yake anaimata pa sikirini kuti asaiwale, n'kusakasaka mpaka ndinapeza powonjezerera pulinta. Inandifunsa nambala ya makina. Ndinakopera nambala yaitali imene ili kunsi kwa pulinta, inakana. Kenako inapeza yokha kena kake n'kundipatsa mndandanda wa mayina a mapulinta, ine n'kusankha limene linkaoneka ngati pachibale ndi lathu. Ndinadina kuti itulutse tsamba loyesera. Zii. Ndinadinanso. Ndinadina kachitatu.

Kenako inayamba. Mapepala 46, lililonse lili ndi mzere umodzi pamwamba wa timitima, tinkhope ndi zilembo za chinenero chimene sindikuchidziwa. Ndinaithimitsa pakhoma. Nditayatsanso inapitiriza pomwe inalekezera, osaiwala ngakhale tsamba limodzi.

Ndinazula waya, ndinafufuta zonse zimene ndinapanga, ndipo vesi ndinalibwezera ndi selotepi poti guluu wake anali atatha mphamvu. Mapepala aja ndinapita nawo kunyumba m'chikwama. Bambo akuduliramo mapatani a makolala.

Ndiye ndithandizeni Aphungu. Kodi ndinalakwitsa pati? Ndipo ndikakwanitsa kuikonza, ndinene kuti ndangotulukira dzulo kapena kuti ndinachita kulota? Ndikaulula zonse, munthu wa zaka 53 amene luso lake ndi kudina F1 angalowerenso kuti? Mwana wanga akuimba tsiku ndi tsiku kufunsa ngati ndagula tikiti, ndipo ine ndikumangomufunsa ngati wadya.

E.C., m'tauni muno

Mayi E.C.,

Choyamba gulani tikiti. Gulani lero. Nkhani yoti mupite kapena ayi tisaikambe n'komwe. Mwana wanu wanena kuti akuopa, ndipo pa mapepala onse a mu ofesi mwanumo palibe limene limaopa.

Tikambe za makina. Ine si mmisiri, choncho kalata yanu ndinawawerengera mayi amene amasamala makompyuta kuno ku nyuzipepala. Atamaliza kupukuta misozi ya kuseka anati munatsala pang'ono kwambiri, ndipo kuti anthu ambiri amene amadzitcha akatswiri safika pamene munafika inupo. Waya munaulowetsa malo oyenera, timagetsi tija ndi umboni. Munalakwitsa zinthu ziwiri zokha.

Cholakwika choyamba ndi nambala. Ya kunsi ija ndi ya kufakitale, siikuthandizani. Nambala imene kompyuta inkafuna ndi keyala ya pulintayo pa netiweki, ndipo pulinta imaipeza ikangolumikizidwa. Mukalowetsa waya, dikirani pang'ono, kenako pa mabatani a pulinta yomweyo fufuzani potulutsira tsamba lofotokoza mmene makinawo akhalira. Pa tsambalo mupeza nambala ya magulu anayi olekanitsidwa ndi madontho. Imeneyo ndiyo muilembe pamene kompyuta ikufunsa. Cholakwika chachiwiri ndi chibale chija. Pa mndandanda wa mayina sasankha wofanana nkhope. Kapulogalamu koyendetsa pulinta, kamene amisiri amati dalaivala, kayenera kukhala ka dzina ndi nambala yeniyeni yolembedwa kutsogolo kwa makina anu, chilembo ndi chilembo. Ngati palibe pa mndandandapo, kamapezeka pa tsamba la intaneti la kampani imene inapanga pulintayo. Mukaipatsa ka makina ena, imayankhula malilime ngati mmene munaonera.

Tsamba loyesera dinani kamodzi basi, kenako pindani manja. Zikasokonekera musalimbane ndi soketi. Pitani pa kompyuta imene yatumiza, tsegulani mzere wa zodikira kusindikizidwa n'kufufuta zonse, apo ayi mudzayatsa n'kuthimitsa mpaka mapepala athe. Tsamba likatuluka bwino, uzani kompyutayo kuti iyi ndiyo pulinta yake ya masiku onse, ndipo dzina lakale lodzera kwa inu lija mulichotse, chifukwa mukalisiya anthu azidzatumizabe kumeneko n'kumadikira. Muchite chimodzimodzi pa makompyuta onse asanu ndi atatu, yanu ikhale yomaliza, ndipo waya waufupi uja muuzule pokhapokha onse atasindikiza. Za F1 ndi deti, akuti ndi kabatire kozungulira ngati batani la jekete kamene kali m'kati mwa kompyuta yanu. Kanatha kalekale ndipo kusintha kwake n'kosavuta.

Alamu a pa 28 aja musawaletse. Muwapatse ntchito ziwiri: asinthe kabatireko, komanso aikhazike nambala ya pulinta ija kuti isamasinthe magetsi akathima. Nambala ikasintha inu muli kutali, ofesi ibwereranso kowomba makofi.

Koma zonsezi musazichite Loweruka muli nokha. Apa mundimvetse. Kumata kabowo kunali kulakwa, koma kutsegula kompyuta ya loya iye kulibe, momwe muli zinsinsi za anthu, ndi kumene kungakuchotsetseni ntchito tsiku lomwelo, ndipo palibe angakuikireni kumbuyo. Musadzabwerezenso. Ntchitoyi muigwire masana, mwini desiki ali pomwepo, abwana atavomereza.

Ndiye tafika kwa abwana. Musalote chilichonse, ndipo musatulukire kanthu dzulo. Anthu amene mumagwira nawo ntchito amadyera kugwira mboni zimene zangokumbukira dzulo. Selotepi yatsopano pa sitika yakale aiona asanakhale n'komwe pansi. Lowani Lolemba m'mawa, tsekani chitseko, munene mwachidule: "Bwana, pulinta ija ikhoza kugwira ntchito popanda ine. Ndakhala ndikudziwa kuyambira tsiku limene inabwera. Ndinabisa chifukwa anzanga awiri atachotsedwa ndinaopa. Ndalakwa, ndipo ndikufuna ndiikonze sabata ino ndisanapite kwa mwana." Mukatero khalani chete. Musawonjezere za kuuzira mpweya, sanafunse. Ngati abwana anuwo amawerenga tsamba lino, theka la ntchito ndakugwirirani kale.

Sindikulonjezani kuti aseka. Akhoza kukalipa, akhoza kukhala masiku osakupatsani moni, ndipo sindingalumbire kuti ntchito yanu ndi yotetezeka. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wodziulula yekha atanyamula mankhwala a vutolo amamumvera mosiyana ndi wogwidwa ndi mlendo pamaso pa ofesi yonse. Zaka 21 zikhoza kukuyankhulirani Lolemba. Pa 28 sizidzatsegula pakamwa.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono. Mwalemba kuti luso lanu ndi kudina F1. Si zoona, ndipo yankho mwalilemba nokha osaliona. Mu ofesi ya maloya, munthu amene amagwira dzina lolakwika pa tsamba lachitatu lisanafike kukhoti si wongokhala. Kalata imodzi yotero ikatuluka pakhomo ikhoza kuchititsa manyazi ofesi yonse, mwinanso kuluzitsa munthu mlandu. Ntchito yeniyeni mwakhala mukuigwira mwakachetechete ngati yakuba, yabodza n'kumaigwira ndi phokoso. Tembenuzani zimenezi. Abwana akazizira, auzeni kuti pulinta ikayamba kuyenda yokha mapepala sazidutsanso m'manja mwanu, ndiye mukupempha kuti chilichonse chotuluka mu ofesi chizidzera pa tebulo lanu kuti muwerenge, ngati lamulo la ntchito. Akafunsa chifukwa, akumbutseni za madeti awo, mwaulemu. Za mtsikana uja musazitchule, iye akudziwa yekha.

Mtsikana ameneyo mukamupepese padera. Anathamanga ndi fulashi m'misewu chifukwa cha inu, ndipo lero ndi amene akuvutikira kuti mukaone mwana wanu. Muuzeni nokha asanamve kudzera pa khoma la mapulanga. Bambo a kunyumba nawonso funso lawo linali lenileni ngakhale analifunsa akudula ulusi. Zaka zisanu ndi zinayi osayenda ndi zambiri. Mukabwerako mudzakonze ulendo wa awiri.

Musananyamuke, lembani pepala limodzi m'mawu osavuta: nambala ya pulinta, zochita mapepala akakodwa, kumene mumasunga inki. Limateni pakhoma pamene aliyense angaone, ndipo muonetse munthu mmodzi ndi manja, iye akuchita inu mukuyang'ana. Dzanja lidzakuyabwani kuti musiyeko kachinsinsi kamodzi kodzabwerera nako. Musasiye.

Chenjezo langa ndi ili. Inu mukuganiza kuti mukakafika kwa mwana foni izidzangolira, ofesi ikufunsa izi ndi izo. Mwina. Koma konzekeraninso kuti mwina siidzalira n'komwe. Tsiku loyamba lidzadutsa, lachiwiri, sabata yathunthu, ndipo mudzapezeka mwakhala pa benchi ya chipatala mukuyang'ana foni, mtima ukuwawa kuti anthu aja akusindikiza bwinobwino popanda inu. Zimenezo zimapweteka ndithu, ndipo si tchimo kuzimva. Koma musawaimbire kufunsa ngati zonse zili bwino. Foni muiike m'chikwama n'kutseka zipi. Kumene mukupitako manja anu akufunika onse awiri.

Aphungu